ZA PA KHONDE: TIGULE FONI KAPENA KAMERA?



Ino ndi nyengo imene nkhokwe zadzala, ndipo amene anagulitsa fodya, mtedza kapena soya ali ndi kandalama m'thumba. Pa nyengo yotere makonde ambiri amasanduka mabwalo a milandu, pakuti ali yense pa banja ali naco cimene mtima wace ukhumba: amai afuna malata, atate afuna njinga, ana afuna nsapato. Koma masiku ano pabuka mlandu wina umene makolo athu sanaudziwe. Mnyamata anena kuti, "Atate, tigule kamera yeniyeni, yonga ija anyamula ojambula pa ukwati." Mlongo wace ayankha kuti, "Iai acimwene, kamera ya ciani? Tigule foni yabwino, pakuti nayonso ijambula." Atate angokhala cete atagwira cibwano, popeza ndalamayo siingagule zonse ziwiri, ndipo inabwera ndi thukuta la caka cathunthu. Mlandu umenewu ndiwo tifuna kuuzenga mwezi uno, ndipo tidzamva mbali zonse ziwiri tisanaweruze.

Kumene zinthu izi zinacokera

Luso lojambula ndi kuunika linalengezedwa ku Paris m'caka ca 1839, pamene Louis Daguerre anaonetsa anthu zithunzi zogwidwa pa mbale za mkuwa zokutidwa ndi siliva. Masiku amenewo wojambulidwa anayenera kukhala duu nthawi yaitali osagwedezeka, monga munthu wometedwa ndi lumo. Sipanapite zaka zambiri lusolo linafika kuno kwathu. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, umene unayamba m'caka ca 1858, nukwera Shire, nufika ku Nyanja m'caka ca 1859, panali dotolo wa ku Scotland dzina lace John Kirk, amene anayenda ndi bokosi lojambulira, mankhwala ace, ndi mapepala opaka sera. Cithunzi cimodzi cinali nchito ya maola, ndipo cinafuna munthu wophunzira.

M'caka ca 1888 George Eastman wa ku America anayamba kugulitsa kamera yochedwa Kodak, imene munthu wamba anatha kuigwira, ndipo m'caka ca 1900 anaturutsa ina yochedwa Brownie pa mtengo wa dola imodzi. M'caka ca 1975 mmisiri wa ku kampani yomweyo, Steven Sasson, anapanga kamera yosafuna filimu, yosunga cithunzi mwa magetsi. Inalemera makilogalamu 3 ndi theka, monga mwana wobadwa kumene, ndipo inatenga masekondi 23 kuti isunge cithunzi cimodzi cakuda ndi coyera. M'caka ca 2000 kampani ya Sharp ku Japan inagulitsa imodzi mwa mafoni oyamba okhala ndi kamera m'kati mwace. Cimene cinatsatira cioneka pa ciwerengero ca bungwe la opanga makamera ku Japan: m'caka ca 2010 anatumiza ku misika makamera oposa 121 miliyoni, koma m'caka ca 2023 sanafike ngakhale 8 miliyoni. Kampani ya Kodak yomwe inagwa m'ngongole m'caka ca 2012, nipempha khoti kuti liicinjirize.

Cotero anthu a dziko lonse lapansi anasankha kale foni pa zithunzi za masiku onse. Komatu makamera sanathe. Apangidwabe, ndipo agulidwabe pa mitengo yokwera ndi anthu amene sataya ndalama cabe. Payenera kukhala cifukwa cace, ndipo tiyenera kucidziwa.

Cimene kamera iposera foni

Kamera iri yonse, ingakhale ya m'foni, iri ndi ziwalo ziwiri zazikuru. Coyamba ndi mandala, ndiwo magalasi a kutsogolo amene asonkhanitsa kuunika. Caciwiri ndi kambale kobisika m'kati, kamene amisiri akachula sensa, pamene kuunikako kugwera ndi kusanduka cithunzi. Tiyerekeze kuti kuunika ndi mvula, ndipo sensa ndi cotungira cimene mwaika pa bwalo. Mvula ikabvumba kwambiri, beseni lidzala, ndi kapu yomwe idzala. Koma ikangowaza, m'beseni mupezamo madzi osamba kumaso, pamene kapu yangonyowa pansi.

Sensa ya makamera akuru iri ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ya makamera apakati, amene ojambula ambiri a pa maukwati anyamula, iri ndi mamilimita pafupifupi 23 ndi 15. Koma ya mafoni wamba iri ndi mamilimita ngati 6 ndi 4 kapena 5, ndiye kuti icepa kuposa njere ya cimanga. Malo olandirira kuunika m'kamera yapakati aposa a foni yotere kakhumi ndi kupitirira. Ndico cifukwa cace usana, dzuwa liri phwee, cithunzi ca foni ndi ca kamera zifanana kwambiri, kotero kuti ambiri sangazisiyanitse. Koma madzulo, kapena m'nyumba ya mazenera ang'ono, ca foni cituruka ndi timadontho tonga mcenga, ndi nkhope zosaoneka bwino, pamene ca kamera cikhala coyera.

Opanga mafoni anapeza nzeru yocepetsera bvuto limeneli. Mukajambula mu mdima, foni igwira zithunzi zingapo motsatana msanga, nizisanjikiza kuti zikhale cimodzi cowala. Nzeru imeneyi ithandiza ndithu pa nyumba, pa mtengo, kapena pa agogo okhala phee pa mpando. Koma pa anthu obvina siithandiza, pakuti pa cithunzi ciri conse mwa zija mkono uli pena, ndipo pozisanjikiza obvinawo aoneka ngati utsi.

Pano ticenjezeko za nambala imene ogulitsa akonda kuipfuula, ya mamegapikiselo: 48, 50, 108. Megapikiselo imodzi ndi timadontho 1 miliyoni timene tipanga cithunzi. Kucuruka kwa timadontho pa sensa yaing'ono kuli ngati kucurukitsa mizere m'munda wa ekala imodzi: mizere yacuruka, koma munda sunakule. Cithunzi ca pa pepala ca mainchesi 6 ndi 4, conga cija tiika m'alubamu, cifuna mamegapikiselo 2 okha ndi pang'ono; ndipo 12 akwanira cithunzi cacikuru copacika pa khoma. Cifukwa cace musasankhe foni poona nambala yokha. Jambulani nayo m'sitolo momwemo, ku mbali ya mdima, nimuone ndi maso anu.

Caciwiri cimene kamera iposera foni ndi kuona patali. Mukatambasula zala pa galasi la foni kuti munthu wakutali aoneke pafupi, mafoni ambiri samsendeza konse. Angodula pakati pa cithunzi ndi kupakulitsa, monga munthu wosungunula phala ndi madzi kuti likwanire alendo. Mafoni ena okwera mtengo ali ndi mandala awiri kapena atatu, ena mwa iwo a patali, koma mtengo wao ufika pa wa kamera. Kamera ya mandala atali itha kugwira nkhope ya mkwatibwi wojambulayo ataima kumbuyo kwa anthu osasokoneza mwambo, itha kugwira goloboyi alikudumphira mpira ku mbali ina ya bwalo, ndi mbalame iri pa nsonga ya mtengo.

Cacitatu ndi moto. Batire ya kamera igwira nchito imodzi yokha, ndipo ijambula zithunzi mazana isanathe. Ikatha muicotsa ndi kuikamo ina. Batire ya mafoni ambiri a masiku ano siicotsedwa, ndipo idyedwa ndi kuimba, nyimbo ndi intaneti. M'midzi yambiri yopanda magetsi, kumene kuchaja ndi ulendo wa ku sitolo kapena kudikira sola, si kamodzi foni yazima mkwati ndi mkwatibwi asanaturuke pa khomo.

Cimene foni iposera kamera

Akuru anati, fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo. Zinthu zambiri zoyenera kujambulidwa sizipangana tsiku. Mwana aimirira nayenda mapazi ace oyamba, ng'ombe iswa, mbozi zacilendo zioneka pa masamba a cimanga, ndipo mufuna kuonetsa alangizi a za ulimi, mlendo wa zaka zambiri atulukira pa khomo. Pa nthawi zotere foni iri m'thumba, koma kamera iri m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo kiyi wapita naye ku dimba mwini wace.

Ndiponso foni ikajambula itumiza nthawi yomweyo. Mwana amene ali ku nchito ku Johannesburg kapena ku Lusaka aona nkhope ya mai wace tsiku lomwelo. Kamera yambiri ifuna kuti zithunzi zisamutsidwe kaye ku kompyuta kapena ku foni, ndiye kuti wogula kamera afunabe foni, pamene wogula foni safuna kamera. Onjezanipo kuti foni yomweyo ndiyo iitana ambulansi kapena njinga yamoto usiku, ilandira ndalama, nifunsa mitengo ya mbeu ku msika.

Pali cinanso cokhudza ife a khungu lakuda. Kale opanga mafilimu a mitundu anali kuyesa mankhwala ao pa nkhope zoyera, kotero kuti nkhope zathu zinali kuturuka zakuda bii, kungooneka maso ndi mano. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, imene ipanga mafoni a Tecno, itel ndi Infinix odzala m'misika ya mu Africa, inakonza makamera a mafoni ace kuti agwire bwino khungu lakuda. Kamera yaikuru itha kucita cimodzimodzi ndi kuposa, koma ifuna munthu wodziwa kuicha; m'manja mwa wosaphunzira, diresi loyera la mkwatibwi liinyenga, nicepetsa kuunika, nkhope nizida.

Katundu wobisika wa kamera

Wogula kamera ali ngati wogula ng'ombe: mtengo wa tsiku loyamba si wotsiriza, pakuti pafunika khola, mankhwala ndi mbusa. Padzafunika memori khadi, batire yaciwiri, cikwama colimba, nyali yowalitsira usiku, ndi mandala ena. Pa cilimwe pfumbi lilowa posintha mandala, nilikhala pa sensa, ndipo zithunzi zonse zituruka ndi mawanga pa malo amodzimodzi. Pa dzinja cinyontho cimeretsa cuku m'kati mwa magalasi, ndipo cuku cikakhazikika cidya galasi. Ikaonongeka, okonza ace apezeka m'mizinda yaikuru yokha, pamene okonza mafoni ali pa msika uli wonse.

Ambiri agula makamera ogwirapo kale nchito, a Canon, Nikon kapena Sony, ndipo si kulakwa, pakuti kamera yosamalika ikhala zaka zambiri. Koma kumbukirani kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'kamera muli kacitseko kamene katseguka ndi kutsekeka pa cithunzi ciri conse, ndipo kali ndi malire ace. Makamera ambiri asunga ciwerengero ca zithunzi zimene anajambula, ndipo wodziwa atha kuciona. Pitani ndi munthu wotere. Penyani m'magalasi molunjika ku kuwala kuti muone ngati muli cuku. Jambulani khoma loyera kuti mawanga aoneke. Ndipo musanyengedwe ndi timakamera tating'ono tochipa tolowa m'thumba, pakuti tambiri tiri ndi sensa yocepa monga ya foni, ndipo tiribe nzeru zija zosanjikiza zithunzi. Kugula kotere ndi kulipira kawiri cinthu cimodzi.

Ciweruzo cathu

Kwa banja limene lifuna kusunga nkhope za ana, za agogo ndi masiku a cikondwerero, ife tinena kuti gulani foni ya kamera yabwino monga mwa mphamvu yanu, osalowa m'ngongole, ndipo ndalama yotsala isungidwe ya kutsukitsa zithunzi. Pa tsiku lalikuru, monga la ukwati, limene silibwera kawiri, itanani wojambula wa kamera, mumlipire. Mtengo wace ucepa kutali ndi wa kamera imene ikanagona m'sutikesi caka conse.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene afuna kudya za kujambula, kamera ndiyo khasu lace, ndipo ayenera kukhala nayo. Koma asayambe ndi kugula. Ayambe wayenda ndi wojambula wakale miyezi ingapo, amnyamulire cikwama, aone m'mene aimira ndi m'mene awerengera ndalama. Awerenge maukwati ndi zikondwerero za m'dera lace pa caka, ndi ojambula amene alipo kale, nafunse mtima wace ngati kamerayo idzabweza mtengo wace. Atate amene aona kuti mwana wao wapirira miyezi imeneyo, angathe kumthandiza ndi mtima wokhazikika. Koma amene afuna kamera kuti aikolekere m'khosi pa msika, ayankhidwe kuti iai.

Kwa gulu, monga sukulu, kalabu ya alimi kapena timu ya mpira, kusonkherana kugula kamera imodzi ndi nzeru, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma pasankhidwe munthu mmodzi woisunga ndi kuiphunzira, popeza cinthu ca onse cosowa mwini cifa msanga.

Kujambula bwino ndi cimene muli naco

Zithunzi zoipa zambiri siziipa cifukwa ca foni, koma cifukwa ca manja. Coyamba, pukutani galasi la kamera ndi kansaru kofewa, pakuti likhala ndi thukuta ndi mafuta a m'manja, ndipo cithunzi cituruka ngati ca m'nkhungu. Caciwiri, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena pa mbali, osati kumbuyo kwa wojambulidwa. Ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa kapena madzulo, kapena pa mthunzi wa khonde, pakuti dzuwa la pa mutu liika mdima m'maso. Cacitatu, gwirani ndi cala pa galasi la foni pamene pali nkhope, kuti foni iyese kuunika kwace pa nkhopeyo, osati pa malaya oyera kapena pa thambo. Cacinai, musakoke ndi zala. Sendererani ndi mapazi. Cacisanu, gwirani ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pa nthiti, nimudikire kufikira nkhope zitamasuka, pakuti kuona maso a nkhono ndi kudekha. Ndipo cotsiriza, pemphani musanajambule. Wodwala pa mphasa, wolira pa maliro, mwana wa mnzanu wosabvala, awa sajambulidwa mwacisawawa. Cithunzi cikaturuka m'foni yanu sicibweranso.

Cacikuru koposa zonse

Tsopano tifike pa cimene cinatilembetsa nkhani iyi. Tidziwa banja lina limene linali ndi foni yabwino, ndipo mdzukulu anajambula agogo ace kambirimbiri: alikusenda cimanga, alikuseka, atanyamula kamdzukulutubvi pa miyendo. Agogo aja anamwalira. Patangopita miyezi yowerengeka foni inabedwa pa msika, ndipo zithunzi zonse zinapita nayo. Pofuna cithunzi coika pa khoma, anapeza cimodzi cokha cimene anatumizira mbale wao wa kutali, naconso cocepa ndi cosaoneka bwino, pakuti WhatsApp icepetsa zithunzi potumiza, pokhapokha mutasankha kutumiza mwa HD kapena monga dokyumenti. Koma m'sutikesi ya agogo omwewo munapezeka cithunzi ca pa pepala ca tsiku la ukwati wao, cojambulidwa zaka zoposa makumi asanu zapitazo, cofiira m'mbali koma nkhope zonse zirikuoneka.

Taonani, abale: zithunzi za John Kirk zisungidwa ku Scotland kufikira lero, patapita zaka zoposa 160. Nkhope ya John Chilembwe, amene anafa m'caka ca 1915, tiidziwa ndi kuiona pa ndalama za K500 ndi K2000 cifukwa zithunzi zace za pa pepala zinasungika. Koma foni ikhala zaka zowerengeka. Igwa m'madzi, isweka, ibedwa, kapena idzala, ndipo mwana afafaniza zithunzi kuti aikemo nyimbo. Memori khadi ya kamera nayonso ifa osatsazika. Cithunzi cimene ciri m'foni mokha ciri ngati cimanga cokhwima cosiyidwa m'munda: ndi canu, koma anyani, akuba ndi ciswe acidikira.

Cifukwa cace tikupemphani cinthu cimodzi. Caka ciri conse, pa nyengo yino ya zokolola, khalani pansi monga banja, musankhe zithunzi khumi kapena makumi awiri zoposa zinzace, mupite nazo ku situdiyo pa boma, muzitsukitse. Perekani cithunzi ceniceni ca m'foni kapena ca pa khadi, osati cimene cinadzera pa WhatsApp. Lembani kumbuyo kwace maina a anthu, mudzi ndi caka, pakuti adzukulu sadzawadziwa. Zisungeni m'alubamu, kutali ndi dzuwa, cinyontho ndi ciswe. Amene ali ndi intaneti asungenso zina kumeneko, kapena pa foni ya mbale wina, kuti zisakhale pa malo amodzi.

Potero atate aja a pa khonde angathe kuyankha ana ao kuti, "Mwana wanga wamkazi, wanena zoona, tigula foni; ndipo iwe mnyamata, ukaphunzire kaye, za kamera tidzakamba caka ca mawa. Koma Loweruka lino mubvale bwino nonse, muitane agogo anu akhale pakati, ndipo cithunzico tikacitsukitse."